Nyimbo ya Zombie si ya ndondocha, koma pa ukwati musaiimbe

Imelo yabwera kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Luchenza yemwe amaimba gitala m'kabandi ka achinyamata. Akuti: "Tinaimva nyimbo ya Zombie ya gulu la The Cranberries pa foni ya mnzathu ndipo tayamba kuiphunzira. Amalume atamva dzina lake, n'kuonanso vidiyo yake momwe mzimayi wapakidwa golide thupi lonse ataima patsogolo pa mtanda, atiletsa. Akuti ndi ya ndondocha ndi za satana. Kodi ikunena chiyani, inachokera kuti, ndipo tingaiimbe pa ukwati wa mlongo wathu?"

Achimwene, mukawauze amalume mwaulemu kuti mtima ukhale m'malo, ufiti mulibemo. Koma pa za ukwatizo ndili kumbali yawo, ngakhale pa chifukwa china. Iyi ndi nyimbo yolira maliro a ana awiri.

Loweruka pa 20 Malichi 1993, gulu la zigawenga la IRA linatchera mabomba awiri m'mabini a zinyalala pa msewu wa masitolo wotchedwa Bridge Street, m'tauni ya Warrington ku England, pakati pa Liverpool ndi Manchester. Mawa lake linali tsiku la anakubala la kumeneko, choncho mumsewu munali piringupiringu wa anthu ogula mphatso. Bomba loyamba litaphulika, anthu anathawira komwe kunali lachiwiri. Johnathan Ball, wa zaka 3, anafera pomwepo. Tim Parry, wa zaka 12, anamwalira m'chipatala patatha masiku asanu. Anthu oposa 50 anavulala.

Amene analemba nyimboyi ndi Dolores O'Riordan, woimba wa gululi, wochokera ku Limerick m'dziko la Ireland. Apa ndiye pagona nkhani. A IRA ankati akumenyera anthu a ku Ireland, ndiye kuti ana aja anaphedwa m'dzina la mtundu wake iyeyo. N'chifukwa chake m'nyimboyi muli mzere umene akukana kuti si iye, ndiponso si banja lake. Anthu ambiri amaudumpha mzerewu pothamangira kolasi, pomwe ndiwo msana wa nyimbo yonse: munthu akuuza a kwawo omwe kuti magazi awa musandipake.

Mudzamvanso akutchula chaka cha 1916. Chaka chimenecho, pa sabata ya Pasaka, kagulu ka anthu kanaukira ulamuliro wa Britain mumzinda wa Dublin. Anagonjetsedwa pasanathe sabata ndipo atsogoleri awo anaphedwa. Mu 1921 chilumba cha Ireland chinagawidwa pawiri, chigawo cha kumpoto, Northern Ireland, n'kutsalira m'manja mwa Britain. Kumeneko mkangano unabuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pakati pa ofuna kuphatikizana ndi Ireland, ambiri mwa iwo Akatolika, ndi ofuna kukhalabe ndi Britain, ambiri mwa iwo Apulotesitanti. Anthu pafupifupi 3,500 anafa mtendere usanasainidwe pa 10 Epulo 1998. Potchula 1916, O'Riordan akudandaula kuti nkhondo ya agogo ikudyabe zidzukulu.

Nanga dzinalo? Amalume sanaphonye kwenikweni. Mawu akuti zombie anafika m'Chingerezi kudzera ku Haiti, komwe amatanthauza munthu wakufa amene wadzutsidwa ndi mankhwala kuti azigwirira ntchito mwini wake, wopanda maganizo akeake. Ndi ndondocha yathu yomweyi, ija timamva kuti imalima usiku m'munda mwa munthu wokhwima. Kusiyana kwake n'kwakuti woimbayo sakuitana ndondocha kapena kuitamanda. Akugwiritsa ntchito mawuwo ngati mwano kwa munthu wamoyo amene mutu wake unagwidwa ndi chidani chakale, moti amatchera bomba osadzifunsa kuti likapha ndani. Ndiye funso limene kolasi imabwereza, lakuti m'mutu mwakomo muli chiyani. Fela Kuti wa ku Nigeria naye ali ndi nyimbo ya dzina lomweli ya m'ma 1970, yonyoza asilikali ongomvera malamulo mosaganiza. Ndi nyimbo ziwiri zosiyana, musazisokoneze pofufuza pa YouTube.

Kwa ife a ku Thyolo ndi Mulanje nkhaniyi si yachilendo monga imamvekera. Tikukumbukira 2017, pamene mphekesera ya anamapopa inafalikira kuno ndi ku Phalombe, anthu n'kuphedwa ndi magulu a anthu anzawo chifukwa cha mantha amene analowa m'mitu. Amene anaona masiku amenewo akhoza kuimvetsa nyimboyi kuposa wachinyamata wa ku London amene amangoivinira.

Za vidiyo ndifulumire. Anaijambula ndi Samuel Bayer, ndipo zithunzi za asilikali ndi ana osewera m'mabwinja anazitenga m'misewu ya Belfast, likulu la Northern Ireland. Golide uja, mtanda ndi tianyamata tozungulira woimbayo ndi zofanizira zojambula zakale za m'matchalitchi a ku Ulaya. O'Riordan anakulira m'banja la Chikatolika. Nyimboyi inatuluka mu Seputembala 1994 ndipo ili m'chimbale cha No Need to Argue. O'Riordan anamwalira ku London pa 15 Januwale 2018 ali ndi zaka 46.

Tsono poti ndinu oimba, tikambe za kaimbidwe, chifukwa tanthauzo la nyimboyi lili m'zida momwemo. Ili mu E minor, ndipo ma chord ake ndi anayi okha kuyambira poyamba mpaka pomaliza: Em, C, G ndi D. Chord iliyonse imatenga kugunda kunayi, liwiro lake pafupifupi 84 pa mphindi. Kuti imveke ngati ya eni ake, pa C chotsani chala cholozera kuti chingwe chachiwiri chilire chosagwira, pa G musiyenso zingwe ziwiri zing'onozing'ono zosagwira, ndipo pa D wa besi agwire F sharp. Zingwe zosagwirazo ndizo zimapereka kulira kuja kokhala ngati belu la patali.

Cholakwika choyamba chimene magulu ambiri amachita ndi kuyatsa distortion, kulira kwaukali ndi kosasa kwa gitala, nyimbo yonse. Ma chord sasintha, ndiye chosiyanitsa vesi ndi kolasi ndi mphamvu basi. Pa vesi gitala ikhale yoyera ndi yofatsa, besi ndi ng'oma zinyamule nyimbo, mawu amveke. Pa kolasi ndi pomwe mutsegule zonse. Mukayamba ndi phokoso, pofika pa kolasi mulibenso kokwera, ndipo nyimbo imangokhala phokoso la mphindi zisanu. Ngati amplifaya yanu ndi yaing'ono yopanda distortion, musaikweze mpaka sipika kuyamba kunjenjemera. Pa vesi gwirani zingwe pang'ono ndi m'mphepete mwa chikhatho, pa kolasi muchotse dzanjalo ndi kumenya zingwe zonse motsitsa.

Chachiwiri ndi wa ng'oma. Manja athu anazolowera zothamanga, za manganje ndi za kwaya, ndiye pofika kolasi yachiwiri liwiro limakhala litakwera osadziwa. Nyimboyi ikathamanga imasanduka yovina, kulemera kwake n'kutha. Yesererani ndi metronome ya pa foni, kachipangizo kogunda pa liwiro losasintha, ndipo wa ng'oma aziyamba yekha ndi wa besi kwa mphindi zingapo ena musanalowe.

Chachitatu, chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri, ndi mawu. Kuthyoka kuja kumene O'Riordan amachita kumapeto kwa liwu sikukuwa. Amachoka mwadzidzidzi pa mawu a m'chifuwa kupita pa mawu opepuka a m'mutu, ndipo ambiri amakufanizira ndi kaliridwe ka maliro ka makolo a ku Ireland. Woimba wanu akakakamiza ndi pakhosi, asasa mawu nyimbo isanathe, ndipo akapitiriza masabata angapo adzivulaza. Ayambe motsitsa, ngati akuitana munthu ali kutsidya kwa munda wa tiyi koma osafuna kudzutsa mwana ali kumbuyo. Ngati woimbayo ndi mwamuna ndipo pamwamba sakufikapo, tsitsani nyimbo yonse kukhala Dm, B flat, F ndi C.

Pa ukwati wa achemwali anu sankhani zina. Pa perekaniperekani anthu akuponya ndalama ndi nthungululu, inu n'kumaimba za mayi amene mwana wake waphedwa ndi bomba, sizikugwirizana, ngakhale ambiri m'holomo asamve Chingerezi. Malo ake ndi konsati ya achinyamata, tsiku la zochitika kusukulu, kapena msonkhano wokamba za mtendere nthawi ya kampeni.  Musanayambe kuimba, mmodzi wa inu atenge maiki afotokoze m'Chichewa, m'mawu awiri atatu, za ana a ku Warrington aja ndi zaka zawo. Amalume muwaitane adzakhale kutsogolo.