Abakha akutha usiku: mudziwe kaye chikuwadya, kenako mukonze khola

Mayi wina wa cha ku Ngwerere, kufupi ndi Lusaka, watilembera imelo. Akuti anali ndi abakha akuluakulu 12 ndi tiana 15, koma m'masabata atatu okha wataya akuluakulu atatu ndipo tiana tatsala 6. Awiri anawapeza m'mawa atalumidwa pakhosi, mitu itadyedwa, thupi lili lonse. Tiana timangosowa masana. Khola lake ndi la waya wa nkhuku, pansi pake ndi dothi, ndipo anansi akumuuza kuti athire poizoni m'nyama. Funso lake ndi lakuti, kodi atero?

Mayi, pepani ndi zimene zakugwerani. Poizoni musathire, chifukwa chake ndifotokoza kumapeto. Choyamba dziwani kuti adani anu ndi awiri: wina amabwera usiku, wina masana, ndipo aliyense ali ndi katchingidwe kake.

Mtembo wa bakha umanena zambiri, choncho musathamangire kuukwirira. Bala la pakhosi kapena kumbuyo kwa mutu, mutu utadyedwa thupi n'kusiyidwa, ndi ntchito ya tinyama tating'ono tolusa ngati likongwe, kanyimbi kapena vumbwe. Kadzidzi wamkulu nayenso amatero ngati abakha agona pabwalo. Mukapeza ambiri ali mbwee, nthenga zili ponseponse koma osadyedwa, amenewo ndi agalu, ndipo kuno ku Lusaka agalu oyendayenda amapha ziweto zambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Nkhandwe imanyamula bakha wathunthu n'kusiya nthenga zochepa pamene inadutsira pampanda. Mazira akasowa popanda chikamba n'chimodzi chomwe, ganizirani njoka kapena ng'azi, makamaka inu amene muli pafupi ndi mtsinje ndi madambo. Akhwangwala amaboola dzira n'kusiya chikamba. Ngati bakha wasowa, palibe nthenga, palibe magazi, ndipo chitseko chatsekedwa bwinobwino, ndiye kuti ndi munthu.

Kuti mutsimikize, madzulo ano sesani mozungulira khola n'kuwazapo phulusa losefa, pafupifupi theka la mita kuchokera pakhoma. M'mawa abakha asanatuluke, pitani mukaone. Mapazi adzakuonetsani chimene chinabwera, ndiponso, chofunika koposa, pamene chinalowera.

Tsopano za khola. Waya wa nkhuku anaupangira kuti nkhuku zisatuluke, osati kuti chilombo chisalowe. Ndi wopyapyala, galu amaung'amba ndi mano, ndipo ukakhudzana ndi dothi lonyowa umachita dzimbiri msanga. Abakha amanyowetsa paliponse, ndiye kumunsi kwake kumaduka inu osazindikira. Mukapita kumashopu a zomangira ku Kamwala, funsani weld mesh (waya wolimba wowotcherera) ya mabowo a mamilimita 13, ija amati ya hafu inchi. Ndi yodula, n'zoona. Ngati ndalama sizikwanira khola lonse, ikani weld mesh kuyambira pansi mpaka mita imodzi, komanso pa mawindo onse a chipinda chogona. Kumtunda kwa bwalo waya wa nkhuku ukhoza kukhala.

Chipinda chogona ndiye chenicheni chofunika kuwonongerapo ndalama. Abakha 10 amakwana m'chipinda cha mamita 2 mulitali ndi mamita 2 mulifupi. Mangani ndi njerwa kapena mabuloko, pansi muthire konkire yokhuthala masentimita 5 mpaka 8, yopendekera pang'ono kukhomo kuti madzi otsukira azituluka, kenako muyalepo utuchi kapena udzu wouma. Ngati konkire yakanika pakali pano, kumbani ngalande yakuya masentimita 30 mozungulira, mutsitsiremo weld mesh n'kukwirira. Kumene nthaka ili ndi miyala, ngati mbali zambiri za Lusaka West ndi Makeni, musalimbane ndi kukumba: goneketsani waya pansi kunja kwa khoma, utuluke masentimita 45, muumangirire kukhoma n'kuupanikiza ndi miyala. Chilombo chimakumba pamene khoma lakumana ndi dothi, chikagunda waya chimasiya.

Malo atatu amene anthu ambiri amaiwala ndi pansi pa chitseko, m'makona mmene waya wakumana ndi mtengo, ndi pamwamba pamene malata agona pakhoma. Mafunde a malata amasiya timipata, ndipo tinyama ngati likongwe timakwera khoma mosavuta. Pamene mutu wake walowa, thupi lonse limalowanso. Lowani m'kholamo masana, wina akutsekereni, muyang'ane paliponse pamene kuwala kukulowa. Mpata uliwonse wolowa zala ziwiri mutseke ndi simenti kapena chidutswa cha weld mesh. Mawindo musawamate ndi njerwa ayi, chifukwa ndowe za abakha ndi zamadzimadzi ndipo mpweya ukapanda kuyenda amadwala. Pachitseko ikani loko weniweni, kamsomali kopinda sikathandiza.

Abakha sali ngati nkhuku zimene zimalowa zokha kukada. Azolowezeni powapatsa gaga m'kholamo nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, dzuwa lisanalowe. Pakatha sabata adzayamba kukudikirani pakhomo. Akamaliza kudya chotsani zotsala ndi mbale zomwe, chifukwa gaga wogona amaitana makoswe, makoswe amaluma tiana, ndipo njoka zimatsata makoswe. M'mawa atulutseni cha m'ma 9 koloko. Abakha ambiri amaikira mbandakucha, ndiye mazira mudzawapeza m'khola m'malo mwa kuthengo. Thadzi limene labisa chisa muudzu mulibweze m'kati. Abakha athu akuluakulu aja a nkhope zofiira amafungatira masiku 35, mitundu ina masiku 28, ndipo nthawi yonseyo thadzi limakhala phee pamalo amodzi usiku wonse.

Tiana tanu tikutengedwa ndi a mumlengalenga: mphamba, kabawi ndi akhwangwala. Mphamba zimachuluka kuyambira cha mu Ogasiti mpaka m'nyengo ya mvula, nthawi imene anthu ambiri amaswetsa. Bakha salimbana ndi mbalame ngati mmene nkhuku ya anapiye imachitira, ndipo poyenda tiana timatsalira m'mbuyo pamzere. Tisungeni pamodzi ndi make m'kabwalo kofoleredwa ndi waya kapena ukonde mpaka titakwanitsa masabata 6 kapena 8. Madzi muzitipatsa m'beseni losaya lokhala ndi mwala wotulukirapo. Kudambo tisapite, kumeneko ng'azi imatidikira m'bango. Udzu wozungulira khola mutchetche mamita atatu, muchotse milu ya njerwa, nkhuni ndi malata akale. Ngati munadula nthenga za phiko kuti matadzi asauluke, kumbukirani kuti mwawalanda njira yothawira, choncho mpanda wanu uyenera kukhala wolimba.

Tibwerere ku poizoni. Nyama yothira mankhwala sisankha woidya. Imapha galu wanu, mphaka wa aneba, abakha omwewo, ndipo mwana wokwawa akhoza kuitola. Imaphanso akadzidzi amene amakuchepetserani makoswe. Ngakhale mutapha likongwe mmodzi, bowo likadalipo ndipo wina adzalipeza. Komanso nyama zakuthengo zili pansi pa lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015. Mukapeza nsato kapena njoka ina yaikulu m'khola, tsekani chitseko, chotsani ana, muitane a nthambi ya boma yoona za nyama zakuthengo, Department of National Parks and Wildlife, amene likulu lawo lili ku Chilanga. Musasuzumire pafupi, chifukwa pali njoka zolavula ululu m'maso. Zikachitika, tsukani maso ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala.

Pamene mukusonkhanitsa ndalama za waya ndi simenti, abakha otsalawo agone m'kachipinda kosungiramo katundu kapena kukhitchini yakunja yokhala ndi chitseko cholimba, kuyambira lero. Chilombo chikalawa pamalo chimabwerera usiku wotsatira.