Saudi Arabia ikasayina ndi Israel, nkhondo itha?

Achimwene, mwafunsa kuti popeza United Arab Emirates (UAE), Bahrain ndi Morocco adagwirizana kale ndi Israel, kodi Saudi Arabia nayo ikadzasayina pangano lotere nkhondo ya Aisraeli ndi Apalestina sithera pomwepo? Yankho langa ndi lakuti ayi, sitha. Ndikunena izi mtima ukundiwawa, chifukwa ndikufunitsitsa kuti kuphanaku kuthe. Pepani, ndilemba motalikirapo.

Tiyambe ndi mapangano a 2020 omwe mwatchulawo, aja amati Abraham Accords. UAE ndi Bahrain sadamenyanepo ndi Israel, ndipo sachita naye malire. Aliyense wosayina adali ndi chake chomwe amafuna. UAE inkafuna malonda, luso la makono ndi zida za nkhondo zochokera ku America. Morocco idalandira mawu a America ovomereza kuti Western Sahara ndi yake. Sudan, yomwe nayo idavomera kukhala pa ubale ndi Israel, idachotsedwa pa mndandanda wa mayiko omwe America imati amathandiza zauchifwamba. Apalestina pa zokambiranazo panalibe. Chomwe adamvako n'chakuti Israel yayamba yaimika kaye ganizo lake lotenga mbali zina za West Bank, dera lokhala Apalestina ambiri kumadzulo kwa mtsinje wa Jordan, kuti zikhale zake mwalamulo, basi.

Inu mukudziwa mmene milandu ya munda imakhalira kwathu kuno. Anthu awiri akamalimbirana malire, ndiye mmodzi n'kupita kukapalana ubwenzi ndi amalume a mnzakeyo omwe amakhala kutsidya kwa mtsinje, ubwenziwo ukhoza kukoma ndithu, koma mawa m'mawa awiri aja akumana pa mzere womwewo ali ndi makasu m'manja. Akuluakulu adati mlandu suwola. Uwu udayamba kale: mu 1947 bungwe la United Nations lidagamula kuti dzikolo ligawidwe pawiri, atsogoleri a Ayuda adavomera, a Aluya adakana, ndipo pa nkhondo ya 1948 Apalestina pafupifupi 700,000 adathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yawo. Mu 1967 Israel idalanda West Bank, kum'mawa kwa Jerusalem, Gaza, Sinai ndi mapiri a Golan m'masiku asanu ndi limodzi okha.

Tsono taonani mtendere womwe wakhalitsa. Egypt idamenyana ndi Israel kangapo, komaliza mu 1973. Anwar Sadat, pulezidenti wa Egypt, ndi Menachem Begin, nduna yaikulu ya Israel, atakumana ku Camp David ku America mu 1978, pulezidenti wa America Jimmy Carter ali mkhalapakati, sadazembe nkhani ya malo. Adasayina mu 1979, ndipo pofika 1982 Israel idachoka mu Sinai, mpaka kugumula tauni ya Yamit yomwe anthu ake adamanga kumeneko. Sadat adalipira ndi moyo wake mu 1981, koma panganolo lidakalipo mpaka lero, ngakhale anthu wamba a ku Egypt salikonda kwenikweni. Lidalimba chifukwa aliyense adadziwa pamene pathera dziko lake.

Pangano la Oslo ndi lomwe limandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa apa ndi pamene eni mlandu adakhala pansi okha. Mu Seputembala 1993 Yitzhak Rabin, nduna yaikulu ya Israel, ndi Yasser Arafat, mtsogoleri wa PLO, bungwe lomenyera ufulu wa Apalestina, adagwirana chanza ku White House. PLO idavomereza kuti Israel ndi dziko, Israel idavomereza kuti PLO ndiyo imayankhulira Apalestina. Koma nkhani zonse zolemera, za Jerusalem, za othawa kwawo, za malire ndi za midzi yomwe Aisraeli amamanga pa malo olandidwa mu 1967, adati tidzakambirana m'zaka zisanu zikubwerazi. Mu 1995 adagawa West Bank m'zigawo zitatu, A, B ndi C, ndipo chigawo C, chomwe ndi pafupifupi magawo 60 pa 100 aliwonse, chidatsala m'manja mwa Israel mongoyembekezera. Kuyembekezerako kwatha zaka makumi atatu tsopano.

M'zaka zomwezo anthu odana ndi mtendere a mbali zonse ziwiri adagwira ntchito yawo. Mwisraeli wina, Baruch Goldstein, adapha Asilamu 29 akupemphera ku Hebron mu 1994. Hamas, gulu la zida la Apalestina, idayamba kuphulitsa mabomba m'mabasi a anthu wamba ku Tel Aviv ndi Jerusalem. Rabin adaomberedwa pa 4 Novembala 1995 ndi Mwisraeli mnzake yemwe ankamuona ngati wogulitsa dziko. Nthawi yonseyi nyumba zinkamangidwabe. Pamene ankasayina Oslo, Aisraeli okhala m'midzi ya ku West Bank adali opitirira pang'ono 100,000. Lero ali cha m'ma 500,000, ndipo tikaphatikiza a kum'mawa kwa Jerusalem akuposa 700,000. Mpalestina wa ku Nablus akamamva za "mayiko awiri" pa wailesi, kwinaku akudikira pa rodibuloko ya asilikali kuti akafike kumunda kwake kwa maolivi, mukuganiza kuti angawakhulupirire mawuwo?

Ndisakondere. Mwisraeli naye ali ndi chifukwa chake chokayikira. Adzakuuzani kuti ku Camp David mu 2000 nduna yaikulu ya Israel Ehud Barak adapereka zambiri, zokambirana zidalephera, ndipo chotsatira chidali zaka za mabomba. Adzakuuzani kuti mu 2005 nduna yaikulu Ariel Sharon adachotsa asilikali ndi anthu pafupifupi 8,000 ku Gaza, Hamas n'kupambana chisankho mu 2006, n'kulanda Gaza yense mu 2007, maroketi n'kuyamba kugwa ngati mvula. Mpalestina adzayankha kuti Gaza adatsekeredwa pamtunda, panyanja ndi mumlengalenga. Onse akunena zinthu zomwe zidachitikadi, ndipo mantha a aliyense ndi enieni. Utsogoleri wa Apalestina nawo uli ndi mlandu: Mahmoud Abbas adasankhidwa mu 2005 ndipo chisankho cha pulezidenti sichidachitikenso, chipani chake cha Fatah ndi Hamas akhala osamwerana madzi zaka zonsezi. Ngakhale Israel itafuna kukambirana mawa, ndani angasayine anthu ake onse n'kumumvera?

Za Saudi Arabia tsopano. Musaiwale kuti mu 2002 ku Beirut, dziko lomweli ndi lomwe lidabweretsa ganizo lomwe mayiko onse a Aluya adalivomereza: Israel ichoke pa malo a 1967, Apalestina akhale ndi dziko lawo likulu lake kum'mawa kwa Jerusalem, nkhani ya othawa kwawo ikonzedwe mwachilungamo, kenaka mayiko onse a Aluya akhale pa ubale ndi Israel. Malo poyamba, ubale pambuyo. Mapangano a 2020 adatembenuza ndondomeko imeneyi, ndipo mu 2023 zinkaoneka kuti Saudi Arabia nayo yatsala pang'ono kutsata. Ambiri ankati nkhani ya Apalestina yazilala. Pa 7 Okutobala chaka chomwecho Hamas idapha anthu pafupifupi 1,200 ku Israel, ambiri a iwo anthu wamba, n'kugwira ena pafupifupi 250. Chidali chinthu choipa chosafuna kuchipaka mafuta. Chomwe chidatsatira ku Gaza n'chosasimbika: unduna wa zaumoyo kumeneko udawerenga anthu oposa 60,000 ophedwa pofika pakati pa 2025, amayi ndi ana ochuluka zedi, zipatala ndi masukulu zitasanduka mabwinja, njala ili paliponse. Kuyambira pamenepo Mohammed bin Salman, kalonga yemwe amayendetsa boma la Saudi Arabia, wanena poyera kuti ubale ndi Israel sungatheke popanda dziko la Palestine.

Ndikuona kuti apa ndi pamene Saudi Arabia ingathandize, ngati ingaumirire mawu amenewa. Siginecha yake ndi chinthu chomwe Israel ndi America akuchifunitsitsa, ndiye ili ndi mtengo. Ikaipereka posinthana ndi ndege za nkhondo ndi lonjezo la chitetezo kuchokera ku Washington, tidzaona zithunzi zokongola ndipo m'mizinda ya Apalestina monga Jenin ndi Khan Younis simudzasintha kanthu.

Ena m'gulu muno ayankha kale kuti Mulungu adapereka dzikolo kwa Israel, nkhani yatha. Ine ndine wopemphera ngati inu, ndipo sindikunyoza chikhulupiriro cha munthu. Ndingokumbutsa kuti ku Bethlehem, komwe timakuimba pa Khirisimasi, ndi ku West Bank, ndipo Akhristu a kumeneko ndi Apalestina. Nawonso amadutsa m'marodibuloko omwewo. Ndipo nkhaniyi si yakutali ndi ife monga ena akuganizira. Malawi sidadule ubale ndi Israel mu 1973 pamene mayiko ambiri a mu Africa adatero, mu 2024 idatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv, ndipo achinyamata athu adayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya kumeneko kumapeto kwa 2023 nkhondo ili mkati. Anansi athu a ku South Africa adatenga njira ina, adakasuma Israel ku khoti la mayiko ku The Hague.

Mu 2024 Spain, Ireland ndi Norway adavomereza dziko la Palestine, ndipo mu Seputembala 2025 Britain, France, Canada ndi Australia adachitanso chimodzimodzi. Koma nyumba ya malamulo ya Israel idavota mu 2024 kukana kuti dziko limeneli likhazikitsidwe, ndipo mu 2025 boma lidaloleza kumanga pa malo otchedwa E1 kum'mawa kwa Jerusalem, omwe angadule West Bank pakati. Kuleka kuomberana kwa mu Okutobala 2025 kudapulumutsa miyoyo ndi kubwezera ogwidwa kwawo, ndipo ndidathokoza Mulungu, koma sikudakhudze za malire.

Choncho achimwene, tsiku lomwe mudzamve kuti Saudi Arabia yasayina, mudzawerenge zomwe zalembedwa m'panganomo. Ine ndidzafufuza ngati kumanga midzi ku West Bank kwaimitsidwa, ngati mwalembedwa tsiku lenileni lokambirana malire ndi Jerusalem, ngati Hamas yatula zida ndipo Apalestina apatsidwa tsiku loponya voti, komanso ngati pali wina wamphamvu woti adzakakamize mbali zonse ziwiri zikadzayamba kuzemba. Zikadzakhalamo zimenezi ndidzabwera pansi pa funso lanu lomweli kudzavomera kuti munkanena zoona.