Ng'ombe zambiri koma mkaka wochepa ku Sri Lanka

Bambo wina watilembera imelo. Akuti anamva kuti ku Sri Lanka kuli ng'ombe zoposa miliyoni imodzi, koma m'masitolo mumadzaza mkaka wa ufa wochokera ku New Zealand. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi vuto ndi lakuti alimi amaweta ng'ombe zochepa pakhomo? Nanga pa chilumba chotentha chotere, mlimi ayenera kukhala ndi ng'ombe zingati kuti apindule?"

Bambo, zimene munamvazo n'zoona. Mkaka umene alimi a ku Sri Lanka amakama sufika theka la umene dziko limamwa. Koma kuwerenga mitu ya ng'ombe kumanamiza. Chofunika kuwerenga ndi ng'ombe zimene zikukamidwa lero, ndiponso chakudya chimene iliyonse yapeza.

Chilumbachi chili ndi ulimi wa mkaka wamitundu itatu yosiyana kwambiri. Kumapiri kumene amalima tiyi, cha ku Nuwara Eliya, malo ali pamwamba kuposa mamita 1,800 ndipo kumazizira. Kumeneko ng'ombe za Friesian, Ayrshire ndi Jersey zimachita bwino, koma malo ndi ochepa, kotero banja limasunga ziwiri kapena zitatu m'khola n'kumazimwetera udzu m'mbali mwa misewu ndi m'minda. M'chigawo cha kokonati, monga ku Kurunegala, ng'ombe zosakaniza mtundu wa Jersey kapena Sahiwal amazimangirira pansi pa mitengo ya kokonati. Ndiye pali chigawo chouma cha kumpoto ndi kum'mawa, kumene munthu mmodzi akhoza kukhala ndi ng'ombe zamakolo makumi angapo. Gulu lalikulu lili kumeneko, koma ng'ombe imodzi imapereka lita imodzi kapena awiri patsiku, ndipo thole limayamwanso pomwepo.

Kuchigawo choumachi, ng'ombe zimadalira ziputu za mpunga. Nyengo yaikulu yolima, imene amaitcha Maha, ikayamba cha mu October, minda imatsekedwa ndipo ng'ombe amazithamangitsira kutchire, kutali ndi malo osonkhanitsira mkaka. Udzu ukakhala wambiri ndi pamene kukama kumavuta. Mvula ikatha, ng'ombe zimabwerera kuminda, kenako chilimwe chimaziwondetsa. Yaikazi yowonda sitenga bere msanga, ndiye m'malo mobereka chaka chilichonse imatha chaka ndi theka kapena kupitirira.

Tiwerengere limodzi. Ng'ombe imakhala ndi bere masiku pafupifupi 283. Yosamalidwa bwino imakamidwa masiku 305, n'kupumula masiku 60, n'kuberekanso. Pa ng'ombe zazikazi zazikulu khumi zotere, zisanu ndi zitatu zimakhala zikukamidwa nthawi iliyonse. Koma ikamabereka pakatha miyezi 18 n'kumauma mkaka pa miyezi 7, pa khumi zija zokamidwa sizifika zinayi, pomwe zonse khumi zikudya. Onjezanipo mathole, nkhunzi ndi nkhalamba, muona kuti khola lodzaza likhoza kutulutsa mkaka wosadzaza ndowa imodzi.

Nkhalambazo ndi nkhani yapadera ku Sri Lanka. Anthu ambiri ndi Abuda, ena ndi Ahindu, ndipo kupha ng'ombe kumawapweteka mtima. Lamulo la ziweto la 1958 sililola kupha ng'ombe yaikazi popanda chikalata cha dokotala wa ziweto, ndipo mu 2020 nduna za boma zinavomereza ganizo loletsa kupha ng'ombe. Ife timalemekeza chikhulupiriro chimenechi, koma mlimi ayenera kuchiika m'mawerengero ake: ng'ombe yosiya kubereka siichoka msanga pakhomo, imapitiriza kudya gawo la inzake yokamidwa.

Boma linayesa njira yachidule, yoitanitsa ng'ombe zamkaka wambiri. Zoyamba zinachokera ku Australia n'kupita ku mafamu a bungwe la boma loona za ziweto la National Livestock Development Board, kuphatikizapo famu ya Ridiyagama m'boma la Hambantota. Mu 2017 zinabwera zina masauzande kuchokera ku Australia ndi New Zealand, ndipo zinagulitsidwa kwa alimi. Mazanamazana zinafa, ndipo alimi ambiri anatsala ndi ngongole.  Zina mwa zimene zinasowa ndi chakudya chokwanira ndi kuzizira.

Friesian imayamba kuvutika kutentha kukapitirira madigiri 25, makamaka mpweya ukakhala wachinyezi monga zimakhalira pachilumba, chifukwa thukuta siliuma. Mudzaiona itaima nthawi yaitali osagona, ikupuma mofulumira, malovu akutuluka. Werengani kupuma kwake poyang'ana m'nthiti: kukapitirira ka 60 pa mphindi imodzi, yatenthedwa. Ikatero imachepetsa kudya, mkaka umatsika, ndipo zizindikiro zofuna nkhunzi zimaoneka maola ochepa chabe, nthawi zambiri usiku. Mlimi akaphonya, adikira masiku ena 21. N'chifukwa chake kumalo otsika ife timalangiza ng'ombe yosakaniza Jersey ndi Sahiwal, imene imapirira dzuwa ndi nkhupakupa. Malita 8 kapena 10 patsiku a ng'ombe yobereka chaka chilichonse amaposa malita 25 olembedwa pa pepala. Khola likhale lotsegula m'mbali, denga lake lalitali mamita atatu kapena anayi, pansi potsetsereka pang'ono kuti mkodzo uziyenderera. Pansi ponyowa ndiye gwero la kutupa kwa mawere ndi kuola kwa ziboda.

Tsopano funso lanu lenileni, la kuti ng'ombe zingati. Yambani ndi udzu, osati ng'ombe. Ng'ombe yolemera makilogalamu 400 imadya udzu wauwisi pafupifupi makilogalamu 40 patsiku, kutanthauza matani oposa 14 pachaka. Alimi ambiri kumeneko amadzala nsenjere ya mtundu wa CO-3, yochokera ku yunivesite ya zaulimi ya ku Tamil Nadu. Imadulidwa pakatha masiku 45 mpaka 60. Ikapitirira pamenepo imakhwima, ng'ombe imadya masamba n'kusiya mapesi, choncho iduleni tizidutswa musanaiike m'chodyera. Bwezerani ndowe m'munda mukangodula, apo ayi pakatha zaka zingapo nsenjere imafooka. Sakanizani ndi masamba a gliricidia, amene ali m'mipanda yambiri pachilumbachi, koma ayambe afota padzuwa chifukwa fungo lake auwisi ng'ombe zina zimalikana, ndipo asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse. Madeya a mpunga ndi zotsalira pofinya mafuta a kokonati, zimene amazitcha poonac, perekani molingana ndi mkaka: pafupifupi kilogalamu imodzi pa malita awiri alionse. Madzi akhalepo usana ndi usiku, chifukwa yokamidwa imamwa malita 60 mpaka 100 kukatentha.

Dulani udzu wa m'munda mwanu m'mwezi wouma kwambiri, muyeze pa sikelo, muugawe ndi masiku amene umatenga kuti ukulenso kuti mupeze udzu wa tsiku limodzi, kenako muugawe ndi 40. Nambala imene mwapezayo ndiye kukula kwa khola lanu, ndipo mathole awiri okulirapo muwawerenge ngati ng'ombe imodzi. Kwa banja lokama ndi manja, lopanda antchito, yankho limakhala ng'ombe zazikulu zitatu mpaka zisanu. Zisabereke mwezi umodzi zonse, kuti ndalama ya mkaka isamaduke.

Musanaonjezere ng'ombe, funsani kaye za msika. Mkaka uyenera kuziziritsidwa kufika madigiri 4 m'maola awiri kapena atatu chikamireni, ndipo m'madera ambiri galimoto imabwera m'mawa mokha, kotero alimi amakama kamodzi patsiku. Ogula monga kampani ya boma ya Milco amalipira poyeza mafuta ndi kukhuthala kwa mkaka, zimene zimapatsa mwayi Jersey kuposa Friesian. Kumene galimoto sifika madzulo, tengerani nzeru kwa oweta njati a kum'mwera: amawiritsa mkaka, n'kuuthira m'miphika yadothi ndi kambewu ka dzulo kuti ugwirane ngati chambiko, n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu pamodzi ndi uchi wopangidwa ndi madzi a mtengo wa kanjedza wotchedwa kithul. Mkaka wa Jersey, pokhala wamafuta ambiri, umagwirana bwino m'njira yomweyo, ndipo kukama kwa madzulo kumakhala ndi kopita.