Malume, aether ndi mtsikana wofuna Fizikisi

Kalata ya lero yachokera kwa mayi amene mwana wawo wamkazi akumaliza Fomu 2 pa sukulu ina ya CDSS. Mwachidule akuti:

"Mwanayu akufuna kutenga Fizikisi akalowa Fomu 3, koma pasukulu pawo palibe labotale. Achimwene anga, omwe ndi malume ake, anatumiza kavidiyo pa gulu lathu la banja la WhatsApp konena kuti mlengalenga muli chinthu chotchedwa aether chomwe asayansi anachibisa dala. Mwana anayankha pomwepo kuti zimenezo n'zaumbuli. Malume ake anatuluka pagulupo, ndipo mpaka lero sakutiyankhula, chonsecho ndi amene amatithandiza fizi. Iwo akuti sayansi imangosinthasintha mawu, bola mwana atenge maphunziro ena. Ndichite bwanji?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya m'banja mwanu. Ndiyamba ndi aether yemweyo, chifukwa tikamumvetsa, nkhani ya sukulu ndi ya malume zipepuka. Mwanayo muwerenge naye limodzi.

Anthu amene ankakhulupirira aether sanali mbuli ayi. Anali akatswiri enieni a nthawi yawo, ndipo maganizo awo anali omveka. Mafunde a pa nyanja amayenda pa madzi. Mawu amayenda mu mpweya, ndipo mukachotsa mpweya m'botolo, belu lolira m'katimo silimvekanso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, Thomas Young wa ku England ndi Augustin Fresnel wa ku France anaonetsa kuti kuwala nako kumayenda ngati mafunde. Funso linabwera lokha: nanga kuwala kwa dzuwa kumayenda pa chiyani pofika kuno, popeza pakatipa palibe madzi kapena mpweya? Anati payenera kukhala chinthu chosaoneka chodzaza paliponse, n'kuchitcha aether. Ngakhale James Clerk Maxwell, amene m'zaka za m'ma 1860 anasonyeza kuti kuwala ndi mafunde a mphamvu ya magetsi ndi maginito, ankakhulupirira zimenezi.

Mavuto analipo kuyambira pachiyambi. Kuti mafunde athamange makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, chowanyamulacho chinayenera kukhala cholimba kuposa chitsulo. Koma dziko ndi mwezi zimadutsa m'menemo osakodwa ngakhale pang'ono. Cholimba kuposa chitsulo, chopepuka kuposa utsi. Anthu anapirira nazo chifukwa panalibe yankho lina.

Kenaka kunabwera munthu wofuna kuyeza. Iwe mwanawe, apa tenga pensulo. Tiyerekeze kuti maboti awiri a injini ali pa mtsinje wa Shire, lililonse likuyenda mamita 5 pa sekondi, pomwe madzi akutsika mamita 3 pa sekondi. Loyamba likwere kumtunda mamita 100 n'kubwerera. Pokwera likuyenda mamita 2 okha pa sekondi, ndiye litenga masekondi 50. Potsika likuyenda mamita 8 pa sekondi, litenga masekondi 12.5. Onse pamodzi 62.5. Lachiwiri liwoloke tsidya, mamita 100 omwewo, n'kubwerera. Liyenera kuloza kumtunda pang'ono kuti madzi asalikokolole, ndipo ukagwiritsa ntchito lamulo la masamu la Pythagoras upeza kuti likuwoloka mamita 4 pa sekondi. Masekondi 25 popita, 25 pobwera, onse 50. Lowoloka lapambana. Tsono munthu amene sakuwaona madziwo angathe kudziwa kuti mtsinje ukuyenda, pongoona kuti boti lina lachedwa.

Zimenezi n'zimene Albert Michelson, wasayansi wa ku America, anaganiza. Dziko limazungulira dzuwa pa liwiro la makilomita pafupifupi 30 pa sekondi, choncho ngati aether alipo, ayenera kumatiwomba ngati mphepo imene munthu amamva ali kumbuyo kwa lole. Anayesa koyamba ku Potsdam ku Germany mu 1881, koma chida chake sichinali chokwanira. Mu 1887, ku Cleveland ku America, anagwirizana ndi Edward Morley, katswiri wa Kemisitiri. Anagawa kuwala pawiri ndi galasi, kwina kulowera uku, kwina kopingasa, n'kukubweza ndi magalasi ena mpaka njira iliyonse inakwana mamita 11, kenaka n'kukukumanitsa. Kuwala kukakumana chonchi kumapanga timizere towala ndi takuda, ndipo mbali imodzi ikachedwa ngakhale pang'onong'ono, timizereto timasuntha. Zida zonse anaziika pa chimwala chachikulu choyandama pa mercury, chitsulo chamadzimadzi cholemera kwambiri, kuti chizizungulira mosagwedezeka. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Timizere sitinasunthe monga ankayembekezera. Kusuntha kumene anaona sikunafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo 20 a zimene masamu awo ananena. Maboti anafika limodzi.

Apa ndi pamene ndimafuna ophunzira anga aziimapo. Michelson ankafuna kumupeza aether. Anawononga zaka ndi ndalama pomusaka. Atalephera, analemba zimene anaona n'kuzisindikiza kuti dziko lonse liwerenge, ngakhale kuti zinkatsutsana ndi chiyembekezo chake. Munthu wobisa zinthu sachita choncho.

Komabe aether sanafe usiku umodzi. George FitzGerald mu 1889 ndi Hendrik Lorentz mu 1892 anayesa kumupulumutsa ponena kuti chinthu chikamayenda mu aether chimafupika pang'ono, mokwanira ndendende kubisa kuchedwa kuja. Ena anati mwina dziko limamukoka aether n'kumayenda naye, koma zimenezo zinkatsutsana ndi mmene nyenyezi zimaonekera kusuntha pachaka, zomwe James Bradley anaziyeza kalekale m'zaka za m'ma 1720. Mapeto ake aether anasanduka chinthu chomwe chilipo, koma chopangidwa mwanjira yoti palibe kuyeza kulikonse kungachipeze. Mu 1905 Albert Einstein, ali ndi zaka 26, akugwira ntchito mu ofesi yolembetsa zinthu zopangidwa chatsopano ku Bern ku Switzerland, anayambira kwina. Anati tivomereze kuti liwiro la kuwala ndi limodzimodzi kwa aliyense woliyeza, kaya akuyenda kapena waima, ndipo tisinthe mmene timaganizira za nthawi ndi mtunda. Masamu a Lorentz anatuluka okha, popanda aether. Sanamuthamangitse, anangoonetsa kuti alibe ntchito.

Panali amene anapitirizabe kumusaka, ndipo palibe anawatseka pakamwa. Dayton Miller anayeza kambirimbiri pa phiri la Mount Wilson m'zaka za m'ma 1920, nanena kuti wapeza kamphepo ka aether. Ena atabwereza sanakapeze, ndipo mu 1955 Robert Shankland ndi anzake ataunikanso manambala a Miller anapeza kuti kusintha kwa kutentha pamalo oyezerapo ndi kumene kunkasokoneza. Mavidiyo ngati amene malume anatumiza amakondanso kunena kuti Einstein anabwerera kwa aether. N'zoona kuti mu 1920, poyankhula ku Leiden ku Netherlands, anagwiritsanso ntchito dzinalo. Koma ankatanthauza mlengalenga weniweniwo umene umapindika chifukwa cha kulemera kwa zinthu, ndipo ananena momveka kuti sungaganizidwe ngati chinthu choyenda kapena choima. Dzina ndi lomwelo, chinthu n'china.

Ndiye malume sananame ponena kuti sayansi imasintha. Imasinthadi. Chimene ndikusiyana nawo n'chakuti iwo akuona ngati chilema, pamene kwa ine ndi chifukwa choidalira. Sikelo ya pa msika imene sisuntha kaya muikepo nyemba kapena mwala, imeneyo ndiye yoopsa. Ndipo kusinthako kunabala zipatso zimene zili m'manja mwawo momwemo: mawotchi a m'masetilaiti a GPS amakonzedwa motsatira mfundo za Einstein, apo ayi foni ikanamasocheretsa anthu ndi makilomita angapo tsiku lililonse. Chida cha Michelson nacho sichinatayidwe. Mu 2015 zida za LIGO ku America, zopangidwa pa nzeru yomweyo koma zotalika makilomita 4 mbali iliyonse, zinamva kugwedezeka kwa mlengalenga kochokera kutali kwambiri.

Tsopano za sukulu. Mayi, ine ndikuti mwanayu atenge Fizikisi, pokhapokha ngati Masamu akumuvuta kwambiri. Yang'anani malipoti ake a matemu atatu apitawa. Ngati Masamu akukhoza, kapena akukwera pang'onopang'ono, musamuletse. Ngati akulephereratu, vuto loyamba kulithetsa ndi limenelo, chifukwa Fizikisi wa Fomu 3 ndi 4 amayenda pa msana pa Masamu.

Chifukwa changa chachikulu n'chakuti phunziro limeneli ukalisiya pa Fomu 3, kulibwerera n'kovuta, ndipo makomo amene limatsegula ndi ambiri. Uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST, udokotala ndi maphunziro ena a zaumoyo ku KUHeS, sayansi ku UNIMA ndi ku Mzuni, zonsezi zimayang'ana magiredi a Masamu ndi maphunziro a sayansi. Kuti munthu aganiziridwe ku yunivesite za boma amafunika makirediti 6 pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, koma pulogalamu iliyonse ili ndi zofuna zakezake, ndipo bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede la NCHE limazitulutsa likamaitana anthu kuti afunsire malo. Pezani mndandanda waposachedwa panopa, mwana asanasankhe, osati atalemba kale mayeso. Ndaonapo ana a mapointi abwino akulira chifukwa phunziro limodzi lofunika analisiya zaka ziwiri m'mbuyomo osadziwa.

Sindikunamizani kuti aliyense wophunzira Fizikisi amapeza ntchito ya pa ofesi yozizira. Ntchito zofufuza zokhazokha n'zochepa kwathu kuno, ndipo ambiri amene amatenga digiri ya Fizikisi amakhala aphunzitsi. Imeneyo ndi ntchito yolemekezeka, ndipo masukulu ngati ya mwana wanuyo akuisowa kwambiri. Domasi ndi Nalikule amaphunzitsa aphunzitsi a sekondale. Einstein amene uja anaphunzira uphunzitsi wa Masamu ndi Fizikisi ku Zurich, anamaliza mu 1900, ndipo anakhala pafupifupi zaka ziwiri asanapeze ntchito yokhazikika. Palinso zamagetsi, za sola, za nyengo, za makina ojambula m'thupi kuchipatala, ndi makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa ndi Namitete, komwe mwana wodziwa za magetsi kuchokera ku sekondale amayamba ali patsogolo.

Za labotale, nkhawa yanu ndi yoona, chifukwa pa MSCE pali pepala la pulakitikolo. Pitani mukaonane ndi ahedi, mukafunse mwaulemu kuti ana a chaka chatha anakonzekera bwanji, komanso ngati pali mgwirizano ndi sukulu yoyandikana nayo imene ili ndi zipangizo. Nkhani ngati imeneyi imayenda msanga ikadzera ku komiti ya makolo. Pakadali pano mwana asakhale manja lende. Amange kamwala ku ulusi wotalika mita imodzi, akapachike pa mtanda wa denga, akakankhe pang'ono, awerenge maulendo 20 opita ndi kubwera ndi wotchi ya pa foni. Apeza masekondi pafupifupi 40. Abwereze kasanu, alembe manambala onse, ngakhale amene sakumusangalatsa. Kenaka afupikitse ulusi aone chimene chisinthe, asinthe mwala aone ngati chisinthe. Akatero wayamba kale ntchito ya Michelson.

Iwe mwanawe, tsopano ndiyankhule nawe. Pa nkhani ya aether unalondola. Pa nkhani ya malume ako unalakwa, ndipo kulondola koyambako sikufafaniza kulakwa kwachiwiriku. Pa gulu la banja pali azakhali, azisuweni, alamu, mwina ndi apongozi awo a malumewo. Mawu amene sukanayerekeza kuwanena uli chogwada pakhonde pawo, unawalemba pamaso pa anthu onsewo, ndipo cholembedwa chimakhala, munthu amachiwerenga kawiri katatu usiku tulo titasowa. Foni imatichotsa manyazi chifukwa nkhope ya amene tikumulasayo sitikuiona.

Taonanso kuti liwu lakuti umbuli silinapereke umboni uliwonse. Silinatchule Cleveland, kapena timizere, kapena maboti. Linangotseka khomo. Ukanafunsa kuti, "Amalume, kodi kavidiyoka kakuti aether tingamuyeze bwanji? Chifukwa ndinamva kuti ena anayesa mu 1887 osamupeza," bwenzi lero mukukambirana. Ndipo nkhani yowongola munthu wamkulu imapita kumbali, pa uthenga wa awiri, osati pagulu.

Lorentz anali wamkulu kwa Einstein ndi zaka pafupifupi 26, ndipo mpaka imfa yake mu 1928 sanafune kumutayiratu aether. Einstein ankadziwa kuti pamenepa mkuluyo watsalira. Komabe ankamulemekeza ngati bambo wake, ankapita kukamuchezera ku Netherlands, ankalemberana naye makalata otsutsana pa mfundo popanda kunyozana, ndipo atamwalira anali mmodzi mwa amene anayankhula mawu omutamanda. Iweyo mfundo yako usaisinthe kuti ukondweretse munthu. Chimene ukapepese ndi mawu aja, ndi malo amene unawanenera.

Mayi, musapepese pa foni. Mutengeni mwanayu Loweruka likubwerali mupite kwa achimwene anuwo, ndipo za fizi musakazitchule tsiku limenelo, kuti asaone ngati mwabwera chifukwa cha ndalama. Mwana akapepese yekha ndi pakamwa pake, kenaka akalembenso mawu ochepa pa gulu pomwe analakwirapo, kuti amene anaona chipongwecho aonenso kupepesako. Munthu amene amaonera mavidiyo a zakuthambo ndi munthu wachidwi, ndipo sindingadabwe ngati mwanayu chidwi chakecho anatengera kwa malume ake omwewo. Mitima ikatsika, atulutse pepala la maboti awiri aja, awapemphe kuti awerengere limodzi. Mundilemberenso temu yoyamba ya Fomu 3 ikatha, ndipo mudzanditumizirenso giredi yake ya Masamu.