Sikelo ikutumiza bwinobwino koma seva ikulandira mauthenga omatana, vuto lili pati?

Funso ili landipeza kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Santhe, ndalidula pang'ono chifukwa linali lalitali.

"Amisiri, ndapanga kachipangizo kolumikiza ku sikelo yogulira soya ndi mtedza, muli kakompyuta kakang'ono ka ESP32 ndi module ya SIM800L yolumikizira ku netiweki ya foni, mlimi akayeza thumba kamatumiza nambala yake ndi makilogalamu ku seva yomwe ndinalemba mu Python. Poyesa kunyumba zimayenda bho, koma titapita nako kumsika mauthenga ena akufika awiri atamatana, ena akufika oduka pakati, JSON yomwe ndimalembamo uthengawo nkumakana kuwerengeka. Ndasintha SIM kawiri konse. Ndi netiweki kapena module yafa?"

Achimwene, module yanu ili moyo ndipo SIM yachitatu musagule, ndalamazo gulani chiwaya mudye mtima ukhale pansi. Vuto lili mu code yanu, ndipo musachite nazo manyazi chifukwa aliyense amene analembapo socket koyamba anagwa m'dzenje lomweli, ine ndemwe.

Inu mukuganiza kuti mukatumiza kamodzi uko, kuno recv, function yowerenga zomwe zafika ku seva, ilandiranso kamodzi uthenga wathunthu. TCP, njira imene chipangizo chanu ndi seva zikutumizirana mauthenga pa intaneti, sinalonjezepo zimenezo. Chomwe imalonjeza nchoti mabayiti onse, tizidutswa ta deta topanga uthenga wanuwo, afika, ndipo afika motsatana mmene munawatumizira, basi. Poyambira ndi pothera uthenga wanu iyo sizikuikhudza. Taganizani kuchigayo tsiku lodzaza anthu, wogayitsa akuthira chimanga cha mayi uyu kenako cha mayi winayo osazimitsa injini, kunsi ufa ukungotuluka osaduka, chigayocho sichidziwa kuti ufa wa uje wathera apa, amene amadziwa ndi munthu amene anayeza ndowa zisanalowe. TCP ndi chigayo chimenecho. Kunyumba zimayenda chifukwa mumayeza thumba limodzi, kudikira, kenako lina, netiweki ilinso phee, nde uthenga uliwonse umafika pawokha mwamwayi chabe. Kumsika SIM800L ili pa 2G, siginolo ikugwa nkudzuka, kachidutswa kena katayika panjira katumizidwanso, mauthenga awiri adikirana mu buffer nkufika limodzi, wina theka lake latsogola theka likubwera pambuyo. Palibe chawonongeka apa, ndi mmene zinapangidwira.

Mankhwala ake ndi kuyeza ndowa isanalowe. Uthenga uliwonse muuike nambala kutsogolo yonena kuti mabayiti amene akubwerawa ndi angati. Kwa inu mabayiti awiri akukwanira, amafika mpaka 65535, pomwe uthenga wa sikelo sungapitirire ngakhale 200. Wolandira ntchito yake ikhale yobwerezabwereza: awerenge mabayiti awiri, apeze nambala, awerenge mabayiti okwana nambala imeneyo ndendende, apereke ku JSON, abwererenso kukawerenga awiri ena. Si nzeru yanga iyi, DNS, yomwe imasandutsa maina a mawebusayiti kukhala ma adiresi, ikamayenda pa TCP imachita chimodzimodzi ndi mabayiti awiri kutsogolo, TLS yomwe imateteza mawebusayiti nayonso chidutswa chilichonse chimakhala ndi mutu wa mabayiti 5 momwe awiri omaliza ndi utali.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa mawu oti ndendende aja. Mukalemba recv(40) simukunena kuti ndipatse 40, mukunena kuti ndipatse zomwe zilipo koma zisapitirire 40. Ikhoza kukupatsani 7, ikhoza kukupatsani bayiti imodzi yokha. Nde mulembe ka function kanu kamene kamazungulira mu loop, kuwunjika zomwe zabwera mpaka zikwane, ulendo uliwonse kakupempha zotsala zokha. Ndipo ka function komweko mukagwiritsenso ntchito powerenga mabayiti awiri a kutsogolo aja, chifukwa nawonso amatha kugawikana, ina kufika pano ina kufika patapita masekondi atatu, izi anthu samazikhulupirira mpaka ziwachitikire. recv ikabweza chopanda kanthu ndiye kuti wotumiza uja watseka connection, tulukani mu loop, mukapanda kutero izungulira mpaka kalekale CPU nkumatentha chabe. Ngati kutsekako kwachitika uthenga uli pakati, theka limenelo litayeni, musalembe m'buku makilogalamu a mlimi kuchokera pa uthenga woduka, 50 itha kusanduka 5 mudzayambana ndi anthu. Amene mukugwiritsa asyncio muli kale readexactly imene imachita zonsezi. Potumiza mu Python gwiritsani sendall osati send, chifukwa send nayo imatha kutumiza gawo chabe nkukuuzani nambala ya zomwe zapita, inu osaiyang'ana.

Tsono pali timisampha tingapo tomwe ndikufuna ndikuchenjezeni musanabwerenso kudzandifunsa sabata yamawa.

Nambala ya mabayiti awiri ili ndi mutu ndi mchira, nde mbali ziwirizi zigwirizane kuti chimayamba nchiyani. Pa netiweki mwambo ndi woti bayiti yaikulu itsogole, amati big endian, koma ESP32 mkati mwake imasunga chozondoka, yaing'ono patsogolo. Mukangokopera nambalayo mmene ilili mu memory nkuitumiza, 300 amene ndi 01 2C mu hex (kalembedwe ka manambala komwe bayiti iliyonse imalembedwa ndi zizindikiro ziwiri) afika ngati 2C 01, seva iwerenga 11265 nkukhala pansi kudikira mabayiti amene sadzabwera. Pa ESP32 dulani nokha, yoyamba len >> 8 yachiwiri len & 0xFF, ku Python struct.unpack ndi '>H', kachizindikiro koloza kumanjako ndi kamene kakunena kuti big endian. Mukaona seva yangoti zii osalandira kanthu koma osagwa, yambani kuyang'ana pamenepa.

China, ndipo ichi chimatigwira ife a kuno makamaka. Utali muwerenge mabayiti, osati zilembo. Liwu loti Malaŵi lili ndi zilembo 6 koma mu UTF-8 ndi mabayiti 7, chifukwa ŵ yekha amadya awiri. Mu Python len ya string imawerenga zilembo, nde mukatenga len musanapange encode mupereka nambala yoperewera ndi imodzi, wolandira asiya kabayiti kamodzi m'mbuyo, kabayiti kameneko kakalowa mu nambala ya uthenga wotsatira ndipo kuyambira pamenepo zonse ndi phala. Pangani encode kaye, len pambuyo. Tsiku lina kalaliki adzalemba dzina la mudzi ndi ŵ kapena adzaponyamo ka emoji, komwe kambiri kamadya mabayiti 4, mudzandikumbuka.

Za SIM800L yanuyo palinso nkhani. Mwina mukuti koma ine pa AT+CIPSEND, lamulo louza module kuti itumize, ndimaika kale utali. Eya, koma nambala imeneyo ndi ya pakati pa ESP32 ndi module basi, siyikwera nawo ulendo wa ku seva. Komabe muziyiika nthawi zonse, chifukwa CIPSEND yopanda nambala imadikira Ctrl+Z kuti idziwe kuti mwamaliza, ndipo Ctrl+Z ndi bayiti 1A, kutanthauza 26. Nde taonani, tsiku lomwe uthenga wanu udzakhale wa mabayiti 26 ndendende, nambala yanu ya utali idzaoneka ngati Ctrl+Z, module nkutumiza zisanathe kkkk. Zoterezi zimatha kukudyerani mwezi wathunthu mukusakasaka.

Anabweranso mnyamata yemweyo madzulo ake: "Nanga ndikangoika delay ya sekondi imodzi pakati pa mauthenga sizitheka? Ndayesa zikuoneka ngati zasiya."

Zasiya chifukwa muli pakhonde panu pomwe siginolo ili yodzaza. Delay imangochepetsa kumatana, kuduka pakati sikuletsa, ndipo netiweki ikadzaima masekondi khumi mauthenga onse odikira aja adzafikabe limodzi. Ena adzakuuzani za TCP_NODELAY, imeneyo imazimitsa kachitidwe ka Nagle kosonkhanitsa tizidutswa ting'onoting'ono tisanatumizidwe, imathandiza kuti zinthu zinyamuke msanga koma malire a uthenga sikupatsani. Chotsani delay, ikani utali.

Funso lina ndi la bambo wina wa pa Kasungu boma pompano amene ali ndi njinga zamoto zingapo za kabaza zoyenda msewu wa ku Chamama, anamangamo ma tracker otchipa aja ndipo mphwake akuwalembera seva yawoyawo kuti asamalipire mwezi ndi mwezi.

"Mphwanga akuti mauthenga a tracker amathera ndi 0D 0A nde akudula pamenepo. Zikuyenda koma mwa apo ndi apo njinga imasowa pa mapu kapena kuoneka ili kutali komwe sinapiteko. Tracker zake ndi zabodza?"

Bambo, mwina si zabodza ayi, muwauze aphwanuwo awerenge bwino apa. Ma tracker ambiri otchipawa amalankhula protocol yotchedwa GT06. Paketi yake imayamba ndi 78 78, kenako bayiti imodzi ya utali, kenako nambala ya mtundu wa uthenga, deta, nambala ya siriyo, CRC (nambala yotsimikizira kuti deta sinasokonekere panjira), nkumalizira ndi 0D 0A. Zoona 0D 0A ali kumapeto, koma deta ya mkatimo si zilembo, ndi mabayiti osaphika a nthawi, latitude, longitude ndi liwiro, nde palibe choletsa kuti 0D 0A apezeke pakati mwangozi. Ola la 13 mphindi 10 mu hex ndi 0D 0A ndendende, ndipo ola ndi mphindi zimagundizana mu paketi ya malo, kutanthauza kuti tsiku lililonse wotchi ya tracker ikafika pamenepo code ya aphwanuwo imadula paketi pamimba. Njira yake ndi kupeza 78 78, kuwerenga bayiti ya utali, kuwerenga zokwana pamenepo, kenako kuona ngati 0D 0A alidi pomwe akuyenera kukhala ndiponso ngati CRC ikugwirizana. Ikakana, paketiyo isalowe pa mapu.

Apa mpamene pamafunika kuwerenga pepala la protocol modekha, chifukwa aliyense amawerenga utali mwa njira yake. Mu GT06 nambalayo imaphatikiza mtundu wa uthenga, deta, siriyo ndi CRC, koma 78 78 ndi 0D 0A sawerengedwa, nchifukwa chake paketi ya login utali wake ndi 13 pomwe yonse ndi mabayiti 18. Ma tracker a Teltonika akangolumikiza amatumiza 00 0F kenako manambala 15 a IMEI, nambala yozindikiritsa chipangizocho, seva iyankhe 01 ngati yavomera, ndipo mapaketi a deta amayamba ndi mabayiti anayi a ziro kenako anayi a utali. Git, pulogalamu yosungira code ndi mbiri ya kusintha kwake, nayo ili ndi kachitidwe kake kotchedwa pkt-line komwe ine ndimakakonda chifukwa umatha kukawerenga ndi maso: utali umalembedwa ndi zilembo zinayi za hex ndipo zinayizo zimadziwerengera zokha, nde liwu loti done ndi newline yake limapita ngati 0009done, zinayi kuphatikiza zisanu. 0000 si paketi yopanda kanthu koma chizindikiro choti gawo ili latha, amati flush, ndipo paketi imodzi siloledwa kupitirira 65520. MQTT, protocol yotumizira mauthenga a tizipangizo ting'onoting'ono, yasankhanso njira ina, utali wake umatenga bayiti imodzi mpaka zinayi malinga ndi kukula kwa uthenga. Ukalakwitsa funso laling'ono loti kodi mutu ukuwerengedwa nawo kapena ayi, paketi yoyamba imatha kuoneka ngati yabwino, yachiwiri ndi imene imakuyalutsa.

Chinthu china muwauze aphwanuwo, ndi inunso achimwene a ku Santhe mumve: nambala ya utali imachokera kunja, musamaikhulupirire ngati mawu a abusa. Seva ikakhala pa intaneti, pasanathe tsiku ma bot ayamba kugogoda pa port yanu ndi zinthu zosakhudzana ndi inu. Ine seva yanga ina ya mabayiti anayi a utali inkangofa usiku popanda chifukwa, nditaika log ndinapeza nambala 1195725856, ndinakanda mutu mpaka ndinazindikira kuti ndi zilembo G, E, T ndi mpata, winawake amatumiza HTTP wamba ndipo code yanga imayesa kukonza malo a 1 GB ndi kanthu pa kaseva ka RAM yochepa. Ikani malire, ngati uthenga wanu waukulu ndi mabayiti 200 chilichonse chonena zoposa 512 tsekani connection pompo osakambirana. Heartbleed, vuto la chitetezo lomwe linapezeka mu 2014 mu OpenSSL, pulogalamu yoteteza ma connection, gwero lake linali lomweli, seva imakhulupirira utali womwe wofunsa wanena osayeza ndi zomwe watumizadi, nkumamubwezera mpaka 64 KB za mu memory yake momwe munali zinsinsi za anthu ena.

Muikenso timeout. Njinga ikalowa kudera kopanda siginolo paketi ili pakati, nthawi zambiri seva siuzidwa kuti mnzake wapita, imangodikira, ndipo ma connection akufa oterowo amawunjikana mpaka atsopano kusowa polowera. Pakatha mphindi zingapo popanda kanthu tsekani, tracker ikapeza siginolo idzalumikizanso yokha nkuyamba ndi login.

Poyesa musadikire kuti netiweki ikuvutitseni, ivutitseni nokha code yanu pa laputopu. Tengani mapaketi atatu enieni, muwatumize bayiti imodzi imodzi, kenako onse atatu pakamodzi, kenako limodzi ndi theka nkutseka. A ku Santhe mukapanga zimenezi nkumavutabe, nditumizireni hex ya zomwe seva yalandira mmene zilili, osati screenshot ya error ya JSON, imene ija simandiuza kanthu.