Funsani Tiyankhe: Khonsolo ikulowapo pati pa malonda achilungamo?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndili mu komiti ya chitukuko ya dera lathu ndipo pa msonkhano wina munthu anatchula za fair trade, malonda achilungamo, eti tawuni yonse itha kulowa nawo. Ine ndimayesa izi ndi za alimi ndi makampani akuluakulu basi, nanga khonsolo ndi ife anthu wamba tikulowapo pati? Mayi wowerenga.

YANKHO: Mayi, mukulowapo ndithu, ndipo amene anakuuzaniwo sananame. Nkhani ya tawuni yonse kulowa inayambira ku Garstang, katawuni kakang'ono ka ku England, m'chaka cha 2000, anaiyambitsa ndi anthu wamba a gulu la Oxfam motsogozedwa ndi a Bruce Crowther, osati boma ayi. Pano matawuni oterewa apitirira 2,000 padziko lonse, Saarbrücken ku Germany inalowa mu 2009, Kumamoto ku Japan mu 2011, ndipo Wales inalowa ngati dziko lonse mu 2008.

Tiyambe ndi chomwe mlimi amapeza. Katundu wambiri wa chizindikiro cha Fairtrade ali ndi mtengo wotsikitsitsa woti wogula sangapite pansi pake ngakhale msika utagwa, kenako pamwamba pake pali ndalama ina yotchedwa premium, pa khofi ndi masenti 20 a dola ya America pa paundi iliyonse ya kulemera (pafupifupi theka la kilogalamu), imeneyi imapita ku kopaletivi ndipo alimiwo amavota okha kuti igwire ntchito yanji, kaya madzi, kaya sukulu, kaya nyumba yosungiramo zokolola. Koma vuto lake nali, makopaletivi ambiri ali ndi satifiketi ya Fairtrade koma amangogulitsa gawo chabe la zokolola zawo pa mtengo umenewu chifukwa ogula ndi ochepa, zotsalazo zimapita pa msika wamba ngati za wina aliyense pomwe satifiketiyo amailipira. Izi zimandiwawa ine.

Ndiye mwaona pomwe khonsolo ikulowa? Khonsolo ndi kasitomala wamkulu. Tangoganizani tiyi, khofi ndi shuga amene amathera pa misonkhano ya makhansala chaka chonse, ma yunifolomu a thonje a ogwira ntchito, zakudya za m'makantini. Nchifukwa chake pa mfundo zisanu zomwe tawuni imayenera kukwaniritsa, yoyamba ndi yakuti khonsolo ivomereze chigamulo ndipo iyambe kumwa tiyi ndi khofi wachilungamo m'maofesi mwake momwe. Zinazo ndi zoti katunduyu azipezeka m'mashopu, masukulu ndi mipingo ndi malo antchito azimugwiritsa ntchito, nkhani izimveka kwa anthu, komanso pakhale komiti yoyendetsa. Chikwangwani cha pa msewu chonena kuti tawuni yathu ndi ya fair trade sichionjezera kalikonse m'thumba la mlimi ngati ofesi yogula katundu ikugulabe mwakale.

Pa nkhani ya ma tenda, pomwe khonsolo imaitana amalonda kuti apikisane kuigulitsa katundu, pafunika kusamala. Mu 2012 khoti la European Union linagamula pa mlandu wa chigawo cha North Holland ku Netherlands kuti boma silingalembe mu tenda kuti tikufuna chizindikiro chakutichakuti basi, koma lingathe kulemba mfundo zake, monga mtengo wabwino kwa mlimi, kuti aliyense wozikwaniritsa apikisane nawo. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho akuluakulu ogula katundu ku khonsolo kwanu muwaitane mu komiti kuyambira tsiku loyamba, asadzamve mochedwa nkuyamba kukana.

Ngati dera lanu ndi la alimi osati ogula, ntchito ya khonsolo ikadalipo, kuthandiza magulu kulembetsa ngati kopaletivi, kuyang'anira masikelo kuti alimi asamaberedwe, kukonza misewu yotulutsira zokolola, kupereka malo pa msika.

Inuyo mayi poyambira pake pemphani khansala wanu akuuzeni zomwe khonsolo imagula ndi komwe imagula, musankhepo chinthu chimodzi, olo tiyi yekha, mulembe pempho loti chisinthidwe kontrakiti yake ikamatha. Tsiku la World Fair Trade Day limakhala Loweruka lachiwiri la mwezi wa Meyi, mutha kukonza kuti pempholo mukapereke sabata imeneyo ndipo muitane a mashopu ndi aphunzitsi adzakhalepo.