Kusiya raifo n'kusolola pisitola, liwiro mukulifunalo n'lachani?

Achimwene ena andilembera imelo kuti akamasiya raifo n'kutenga pisitola amachedwa, anzawo onse akuwaposa pa timer, kachipangizo koyeza nthawi powombera, nde atani. Achimwene, funso lanuli landikhudza chifukwa mtima wofuna kufulumirawu ndi umene ukupweteketsa anthu ku range, kumalo ophunzirira kuwombera.

M'gulu lomwe ndinkaphunzira nalo munali mnyamata wina wachangu zedi, manja ake kuthamanga osati masewera. Ankagwiritsa lamba wonyamulira raifo womangirira malo amodzi, single-point, nde akangoitaya raifo ija imalendewera pakati pa miyendo kumumenya m'mawondo, nthawi zina pamalo oti sitingatchule pano, mpope wake uli wotentha n'kuwombera, iye osasamala bola timer yalemba nambala yabwino. Tonse tinkamusirira, osanama. Koma chomwe chinkandiopsa ine ndi pobwezera pisitola mu holster, kathumba kake ka m'chiuno, ankangoikankha osayang'ana, malaya atatuluka m'thalauza akulendewera pompo. Nsalu ikakola tiriga, kachitsulo kokoka powombera, basi chipolopolo chili m'ntchafu mwako. Mphunzitsi wathu tsiku lina anangomulanda timer ija n'kuiponya m'chikwama, mnyamata anakwiya mpaka madzulo.

Ndipo ndinene poyera, mavidiyo a pa YouTube aja anthu akusintha mfuti ngati akuvina awononga ambiri. Amakuonetsani kamodzi komwe zayenda bwino, komwe raifo inakodwa m'lamba sakuonetsani ayi. Pisitola si mfuti yoposa raifo, chipolopolo chake n'chochepa mphamvu ndipo kulasa nayo patali n'kovuta. Mumaitenga chifukwa raifo yatha zipolopolo kapena yakana kulira, chandamale chili pafupi, ambiri amaphunzitsa kuti mamita 25 kutsika m'munsi. Kupitirira apo ndi bwino kungosintha magazini, kabokosi ka zipolopolo, kapena kukonza raifoyo. Nanga mpaka kutaya mfuti yabwino chifukwa mukufuna kuoneka katswiri? Jeff Cooper, mphunzitsi wa mfuti wa ku America, m'malamulo ake anayi a kagwiridwe ka mfuti muli lakuti chala chisakhale pa tiriga mpaka mutaloza chandamale, palibe lonena za masekondi.

Nde mutani?

Pezani lamba womangirira malo awiri. Yeserani kunyumba mfuti zonse zili zopanda zipolopolo, mutaziona kawiri, zipolopolozo zili chipinda china. Dzanja lothandizira litsitse raifo kumbali kwake, osaitaya, pomwe dzanja lowombera likupita pa pisitola nthawi yomweyo, osati kudikirana. Safety, kachitsulo kotseka raifo kuti isawombe, ikani ngati ikulola, pa raifo ya AR-15 ikalira kuti "kwe" osawomba safety siilowa nde musalimbane nayo. Ku range uzani mnzanu akubisireni chipolopolo chabodza m'magazini kuti musadziwe pomwe raifo iime. Pobwezera mu holster yang'anani ndi maso, chala kunja, modekha. Ndipo funsani kaye eni range, ena salola n'komwe kusolola kuchokera mu holster.